Msewu wa tala wa alamu anga

Monire mose, omvera anzanga. Ine ndimalima khofi ku Misuku kuno.

Amuna a mng'ono wanga amakhala ku Lilongwe, ndipo amadzitcha akatswiri a insaikulopediya ya pa intaneti, ija aliyense amalembamo. Ndinawapempha alembe tsamba la mudzi wathu kuti ogula khofi atidziwe.

Pamasamba amenewa pamakhala kabokosi kotchedwa templeti. Kali ngati chikombole cha njerwa, umathiramo dothi la kwanu. Koma iwo, ulesi, anakopera bokosi la tauni ina lodzaza kale n'kungosintha dzina. Mudzi wathu wa m'mapiriwu unapezeka uli pachidikha, msewu wake wa tala!

Nditawaimbira foni anati, "Alamu, izi n'zapamwamba, inu zisamalani khofi."

Mvula itayamba, anabwera pa kagalimoto kotsika ndi wogula wina amene anakhulupirira tsambalo. Kanatitimira pachitunda choyamba. Wogulayo anabwerera pa njinga yamoto, khofi wathu osamuona n'komwe.

Ndinawapeza alamuwo akukankha, suti ili matope okhaokha. Ndinati, "Yewo alamu, mukuvutikiranji? Kawerengereni kagalimotoka tsamba lanu lija, kadziwe kuti kali pa tala."