Galu Amene Alamu Anga Anandisiyira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse, ndi inu omwe mwayamba kale kukwinya mphuno pomva kuti umboni wanga ndi wa galu. Kwinyani, ndinazolowera. Ine ndine amake Rhoda, mlimi wa chimanga kufupi ndi Mpanshya. Ndikuuzani za nthawi imene ndinatsala m'nyumba yopanda kanthu ndi galu wokalamba wodwala chibayo, ndi mmene Mulungu anandilanditsira ine kudzera m'matenda a galu ameneyo.

Amuna anga anamwalira patapita zaka ziwiri chichokereni pa njala ija imene tinkadya ufa wachikasu. Anadwala nthawi yaitali. Tsiku la maliro abale awo anafika kuchokera ku Lusaka, anthu amene sanabwerepo ndi kamodzi komwe kudzamwetsa wodwala madzi. Ankawatsogolera ndi alamu anga ba Dickson, atavala suti ndi nsapato zonyezimira ngati abwera ku ukwati. Kumanda analira mokweza kuposa aliyense, kenaka anapukuta maso owumawo n'kuyamba kulongedza katundu. Anatenga njinga, wailesi, mbuzi, pulawo, mabulangete, mpaka mtondo wanga umene sindidziwa kuti ankakasinjamo chiyani m'tauni. Pokwera galimoto ba Dickson analoza galu amene anagona paphulusa.

"Mulamu, musakambe ati tinakusiyani chabe. Uyo galu ni wanu."

Onse anaseka, ndipo galimoto inanyamuka.

Galuyo dzina lake anali Bazalema. Amuna anga anamutcha choncho ponyogodola anthu amiseche. Pa unyamata wake ankathamangitsa nguluwe ndi anyani m'munda, koma pa nthawi imeneyi mano anali atatha, diso limodzi lili ndi ng'ala, miyendo yakumbuyo yauma ndi nyamakazi, msana wonse mphere. Ndisakunamizeni kuti ndinkamukonda. Ndikamuona ndinkaona chipongwe cha alamu anga chikuyenda ndi miyendo inayi. Mwana wanga Rhoda anali ku banja lake ku Kabwe, choncho pakhomo tinalipo awiri, ine ndi chinthu chimene ndinkachiponyera mkute osachiyang'ana.

Kutazizira mu Juni, Bazalema anayamba kutsokomola. Patapita masiku ochepa mphuno zinadzaza mamina achikasu, ankapuma mofulumira atatambasula khosi, chakudya osachinunkhiza n'komwe. Mnansi wanga wina anandiuza kuti ndisavutike, ndikangomumangirira pamtengo kuthengo, afisi akamaliza okha. Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinatenga luzi n'kumumanga m'khosi.

Tinayenda pang'onopang'ono. Ankaima kutsokomola, kenaka n'kunditsatira akugwedeza mchira, chifukwa njira imeneyo inali yakumunda ndipo iye ankayesa tikupita kukagwira ntchito. Titafika pamalire a munda anagwa. Ndinaima pamenepo ndi luzi m'manja, ndipo ndinadziona bwinobwino chimene ndinali. Ndinali ba Dickson wopanda suti. Chogwira ntchito usunge, chotha utaye. Ndinamasula luzi, ndinavula chitenje chapamwamba, ndinamubereka kumsana ngati khanda.

Njira yobwerera imadutsa pachitsime, ndipo azimayi anali odzaza. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utandipatsa dzina la amake galu. Amene anandiseka kwambiri sanali akunja ayi, anali azimayi a mumphakati mwathu, kagulu kathu ka kutchalitchi, aja amaloweza ntchito zachifundo pamtima ndi kuziimba ndi mawu okoma. Ena ankati ndapeza mwamuna watsopano. Ena ankanong'ona kuti mzimu wa malemu uli m'galuyo ndipo ine ndikuuweta ndi mankhwala. Mayi wina wotsogolera nyimbo anandilanda buku la nyimbo m'manja pamsonkhano, ati ndiyambe ndasamba. Mayi ameneyo nkhumba zake zinkagona pakhonde pake penipeni, koma fungo limene linamupweteka linali langa.

Ndinamuyalira Bazalema thumba m'khitchini pafupi ndi moto. Ndinkaphika phala lamadzimadzi, n'kusinjiramo kapenta pamwala, n'kumamuthira pambali pa kamwa ndi sipuni. Ndinkamupukuta mphuno ndi kansalu kofunda, ndipo akafuna kudzithandiza ndinkamunyamula kupita naye panja. Zonsezi sizinathandize. Tsiku lachinayi anakana ngakhale madzi, nthiti zikukwera ndi kutsika ngati mvukuto. Masana amenewo ndinagwada paphulusa. Ndinauza Ambuye kuti ndikuchita manyazi kuwapempha za galu pamene anthu akufa m'zipatala, koma wamoyo amene watsala pakhomo panga ndi yekhayu, ndipo ngati anditengera nayenso andiuze chimene ndidzadzukire m'mawa. Ndinapempha kuti anditumizire munthu. M'mutu mwanga ndinkaona munthu waukhondo, mwina sisitere, mwina mphunzitsi.

M'mawa mwake anabwera ba Lazaro.

Ba Lazaro kale ankagwira ntchito yobaya ziweto, koma inawathera nthawi imene anthu ambiri ankachotsedwa ntchito, ndipo chichokereni apo anakwatira kachasu. Ankayenda ndi jekete limodzi long'ambika, kugona m'ngalande, ana akuwaimba nyimbo. Ine ndemwe ndinkalavula akadutsa, ndipo ndinkawatchula monga chitsanzo polangiza anyamata. Tsiku limenelo ankapita ku mowa, anamva chifuwa cha galu ali pamsewu, ndipo analowa m'khitchini mwanga opanda odi. Ndisanawathamangitse anali atagwada kale, khutu lili panthiti za Bazalema. Manja awo amene ankanjenjemera nthawi zonse anakhala bata.

Anandiuza kuti ndi chibayo, ndipo chagwira mapapo onse awiri. Anatuluka osatsanzika, ine n'kuganiza kuti basi mowa wawaitana. Anabweranso ndi kabotolo ka mankhwala kamene ankabayira mbuzi za anthu, ndi nyeleti yobayira imene anaiwiritsa m'kapoto kanga. Anandiphunzitsa kuika mphika wa madzi otentha pafupi ndi mphuno za galu titamufunditsa thumba kuti apume nthunzi, kenaka kumuomba panthiti ndi dzanja lofumbata pang'ono kuti makhololo atuluke. Za mphere anandiletsa kupaka oilo wakuda wa galimoto amene anthu ankandilangiza, anati amene amalangiza zimenezo ayambe adzipaka okha. Za ng'ala ndi nyamakazi ananena poyera kuti sizidzachoka, chofunika ndi pogona pofunda ndi chakudya chofewa. Ankabwera m'mawa uliwonse asanalawe dontho.

Tsiku lachitatu chiyambireni mankhwalawo, ndikugwira galu kuti amubaye, chifuwa chinandigwira ine mpaka ndinakhala pansi. Kunena zoona ndinali nditatsokomola kuyambira nthawi yamvula, thupi likutha, chitenje chikuzungulira kawiri, koma ndinkanamizira utsi. Ba Lazaro anandiyang'ana n'kufunsa kuti amuna anga ankadwala bwanji. Nditawauza anapukusa mutu.

"Mai, galu azapola. Koma imwe mukachedwa, azakulilani ni uyu galu, chifukwa benangu sibazabwela."

Ndinawatukwana. Ndinawauza kuti chidakwa chobaya mbuzi sichingandipime ine. Iwo anangotsuka nyeleti yawo n'kunena kuti mawa sabaya galu pokhapokha nditapita kuchipatala. Ndinapita ndili wokwiya, cholinga changa chili choti ndikabwere ndi kapepala kowatsekera pakamwa. Anandipima makhololo, ndipo anapeza chifuwa chachikulu. Nesi anandifunsa kuti ndinali kuti nthawi yonseyi, popeza mapapo anali atayamba kale kudyeka. Anandigoneka, ndipo ndinakhala m'chipatala miyezi iwiri ndikubayidwa tsiku ndi tsiku.

Azimayi a mumphakati anabwera kamodzi. Anaima pakhomo la wodi atatseka pakamwa ndi zitenje, anapemphera mothamanga ngati akuthawa mvula, n'kupita kukauza mudzi matenda ena amene dokotala sanatchule. Ba Lazaro ndiwo anamutenga Bazalema pawilibala kupita naye kwawo. Sabata iliyonse ankabwera pawindo la wodi kudzandiuza kuti lero wadya yekha, lero waima, lero wauwa nkhuku. Nthawi zina ankanunkha mowa, nthawi zina ayi. Ndiwonso anapeza munthu wokauza Rhoda ku Kabwe, amene anafika ndi bulangete ndi misozi.

Nditatuluka ndinapeza Bazalema ali pakhomo panga, ba Lazaro atamubweza. Anadzuka movutikira, anabwera akuyenda chammbali, n'kuika mutu pabondo langa. Anakhalanso ndi moyo chaka ndi miyezi ingapo, akudya phala lake, ine ndikumeza mapiritsi anga mpaka anatha. Anafa ndi ukalamba, atagona padzuwa kuseri kwa nkhokwe, ndipo dzenje anakumba ndi ba Lazaro.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ba Lazaro anasiya mowa n'kulowa kwaya, chifukwa ndikudziwa kuti ndi umboni wotero umene mumaukonda. Sanasiye. Anamwa mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo ena amene anaimba pamaliro awo ankadziona ngati akuwachitira ulemu waukulu pobwera. Ine ndinalira osachita manyazi.

Ndikuthokoza Ambuye amene anandichiritsa, amene sanaseke pemphero la mayi wogwada paphulusa pambali pa galu. Inu amene mukusamalira wodwala amene anthu anamulemba kale m'gulu la akufa, kaya ndi munthu kaya ndi chiweto, musataye mtima chifukwa cha pakamwa pa anthu, chifukwa pakamwa sipanamwetsepo wodwala madzi. Limbikirani ndi kupemphera. Koma mukapempha thandizo, musamachite ngati ine, kumuuza Mulungu kuti wothandizayo avale zotani. Akagogoda, kapena akalowa opanda odi, mutsegulireni njira. Ine ndikupuma lero chifukwa cha munthu amene ndinkamulavulira.