Njere za Bwemba za Aphunzitsi Mwakikunga

Malemu Bambo Ambokile Mwakikunga anabadwa pa 14 Malichi 1963 ku Vinthukutu, m'banja la ana asanu ndi awiri. Iwo anali achinayi, ndipo ankati ndiwo anali pakati penipeni, ngakhale palibe amene anawafunsa. Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale ku Karonga Boma, kenaka anachita maphunziro a uphunzitsi. Mu 1997 anatenga dipuloma ya sayansi ku Domasi.

Pa 6 Ogasiti 1988 anamanga banja ndi Mayi Violet Nyirenda. Mayi akuti pofunsira mbeta malemu anafotokoza chifukwa chake mchere umasungunuka m'madzi, ndipo iwo anavomera kuti nkhaniyo ithe.

Mu 1998 anawatumiza kusekondale yoyendera kufupi ndi Uliwa kukaphunzitsa kemisitili. Labotale inalipo, koma munkasungidwa makasu. Phunziro limene analikonda koposa linali la maatomu amene amasweka okha n'kutulutsa cheza, monga a yuraniyamu. Ankati pa maatomu otere, theka limasweka pakapita nthawi yodziwika, kenaka theka la otsalawo, kenaka theka linanso, ndipo nthawi imeneyo ndiyo hafu-layifu. Ana ankalemba, koma kumva ayi.

Tsono malemu anatola njere za bwemba 256, napaka penti yoyera mbali imodzi ya njere iliyonse. Ankaziika m'lichero, mwana n'kuzipukusa, n'kuziwaza pansi. Zimene zagwa choyera m'mwamba ndiye kuti zasweka, zichotsedwe. Zotsalazo n'kuziwazanso. Nthawi iliyonse pafupifupi theka linkachoka. Pamapeto pankatsala njere imodzi, ndipo malemu ankati palibe munthu angadziwe kuti imeneyo itembenuka liti. Chodziwika n'chakuti idzatembenuka.

Mu 2009, mgodi wa yuraniyamu utatsegulidwa ku Kayelekera, aliyense m'boma muno anasanduka katswiri wa cheza, kuyambira m'minibasi mpaka pamaliro ngati pano. Chaka chomwecho Bambo Brighton Msiska, wapampando wa komiti ya makolo, anasuzumira pazenera la Fomu 4. Anaona ana atazungulira lichero, njere zili mbwee pansi, mphunzitsi atanyonyomala akuwerenga n'kulosera kuti ulendo wotsatira zitsala zingati. Ndipo zinatsaladi pafupifupi zomwezo. Bambo Msiska sanafunenso umboni wina. Nkhani inamveka kuti aphunzitsi akuphunzitsa ana kuombeza ula.

Nkhani imeneyi sitikuinena mobisa. Bambo Msiska ali pomwe pano, pampando wakutsogolo monga mwa masiku onse, ndipo atiloleza, bola titchule udindo wawo molondola.

Kalata inalembedwa yopempha kuti malemu asamutsidwe, ndipo anasaina makolo 16. Tikuseka lero, koma nthawi imeneyo sizinali zoseketsa. Mayi Violet akafika pamjigo, macheza ankaduka. Akuluakulu a maphunziro anati nkhaniyo ndi yopanda mutu, komabe anawapatsa malemu mwayi wokakhala ahedi kusukulu ina kuti mitima izizire. Malemu anakana. Anati akachoka ndiye kuti avomera, ndipo ana awo adzatchedwa ana a woombeza mpaka kalekale. Anapempha kalatayo, naisunga m'Baibulo, nanena kuti sachoka pa Uliwa mpaka aliyense wosaina atafufuta yekha dzina lake.

Anaitana makolo onse aja m'kalasi, nawapatsa lichero kuti awaze okha njerezo. Tsiku lomwelo asanu ndi atatu anafufuta mayina awo. Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka, ana atakhoza bwino, anayi enanso anabwera. Patapita zaka, awiri anafika mwakachetechete, wina atanyamula mkoko wa nthochi kuti zisaoneke ngati wabwerera kalata. Kenaka mmodzi. Malemu ankauza Mayi Violet kuti miseche nayo ili ndi hafu-layifu yake, chofunika n'kudekha. Mayi ankayankha kuti kudekha n'kosavuta kwa munthu amene sapita kumjigo.

Linatsala dzina limodzi, lolembedwa pamwamba penipeni ndi zilembo zikuluzikulu. Mwini dzinalo, Bambo Msiska, ndi malemu ankapatsana moni kutchalitchi mwaulemu wonse. Mwana wa Bambo Msiska, Sheila, anaphunzira m'kalasi ya malemu, nawaza njere zomwezo, ndipo lero amajambula odwala m'thupi kuchipatala. Bambo ake ankauza anthu kuti nzeruzo ndi za kumtundu kwawo. Malemu sankatsutsa. Ankangoti njere yomaliza siikakamizidwa.

Anapuma pantchito mu 2023 ataphunzitsa zaka zoposa makumi atatu, osakhalako ahedi ngakhale tsiku limodzi. Anayamba kulima mpunga, ndipo mpungawo sunkamvera sayansi monga mmene ana ankamverera.

Mu Janyuwale chaka chino anayamba kudandaula za mtima ndi kutupa miyendo. Anagonekedwa kuchipatala kawiri. Kumeneko anafunsa adokotala kuti mankhwala awo amatha theka m'thupi pakapita maola angati, ndipo adokotala anayankha bwino, pakuti nawonso anadutsa pa lichero lija. Amene anawajambula pachifuwa anali Sheila. Madzulo a tsikulo, Sheila anakawauza bambo ake zimene anaona pa chithunzicho, n'kuwonjezera mawu ena amene banja la a Msiska silinatipatse chilolezo chowabwereza.

Lachiwiri lapitali m'mawa, Bambo Msiska anatulukira kunyumba atavala jekete. Anati akungodutsa, ngakhale nyumbayo ili kumapeto kwa njira. Anakamba za mvula ndi za mtengo wa mpunga, kenaka anafunsa ngati kapepala kaja kakadalipo. Mayi Violet anabweretsa Baibulo. Bambo Msiska anabwereka cholembera, nadula mzere pa dzina lawo. Koma pokhala munthu wodziwa dongosolo la komiti, anaona kuti chofufutidwa chiyenera kutsimikizidwa, tsono anasaina pambali pake n'kulemba deti ndi udindo. Dzina lawo tsopano lili m'kalatamo kawiri. Malemu anaseka mpaka kutsokomola, nagwira dzanja la mnzawoyo nthawi yaitali. Tsiku limenelo anadya bwino.

Anatisiya Lachisanu masana, ali ndi zaka 62, kalata yawo ilibe wotsala.

Asiya mayi a kunyumba, Mayi Violet, ana atatu, Towera, Lughano ndi Lettie, zidzukulu zisanu, ndi alongo awo awiri. Lichero ndi njere analamula kuti zibwerere kusukulu. Taziwerenga dzulo, zilipo 255. Imodzi Bambo Msiska anaipempha Lachiwiri lija, ndipo ili m'thumba la jekete lawo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, azibusa ndi amayi a kumpingo, aphunzitsi anzawo, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu. Yewo chomene, ndagha fijo, zikomo kwambiri.

Aphunzitsi Mwakikunga, njere yomaliza inatembenuka inu mukuona. Mzimu wanu uuse mumtendere.