Kamzere Kobiriwira pa Makutu Anga

Olemekezeka aulutsi ndi omvera nonse,

Ndalemba kalatayi kuchokera ku Nselema pofuna kukudziwitsani za chipongwe chimene chinandigwera chaka cha njala. Ndinali mlembi wa komiti yogawa chimanga cha chithandizo. Mlamu wanga, wojambula zithunzi ku Balaka, ankasirira mpandowo. Iye anadula nkhope yanga pa chithunzi cha ukwati wanga n'kuiphatika, pa kompyuta, pa thupi la munthu wina woba thumba la chimanga. Chithunzicho chinazungulira m'mafoni. Ndinachotsedwa pampando, dzina langa linafufutidwa m'kaundula wa olandira, ndipo ana anga anagonera mango owiritsa miyezi iwiri.

Chifukwa cha kuwawidwa mtima, ndinadziphunzitsa ndekha ntchito yophatika zithunziyo. Ndinapeza kuti wophatika waluso amasalaza m'mbali mwa chimene wadula, kuti pasaoneke polumikizira. Mlamu wangayo sanatero. Nditakulitsa chithunzicho pamaso pa komiti, kuzungulira makutu anga kunaoneka kamzere kobiriwira, kotsalira ka nsalu ya m'situdiyo yake imene inali kumbuyo kwanga pojambulitsa chithunzi cha ukwati chija.

Ndinamufunsa kuti, "Alamu, kodi ine ndinabadwa ndi mpendero m'makutu ngati chitenje?"

Iye anati, "Iyayi alamu, zinali zocheza chabe."

Anthu anaseka, koma ine sindinaseke. Mpando anandibwezera, koma njala ya ana anga palibe anaibweza.

Choncho alamu, ngati mukumvetsera pulogalamuyi, dziwani kuti zithunzi zanu ndasunga zisanu, ndipo ine m'mbali ndimasalaza bwino lomwe. Ndikadali kusankha pokuikani.

Ine womvera wanu wokhulupirika.