Njinga Imene Wakuba Sangailize

Bambo a mapasa anakhala miyezi yambiri pakhomo osagwira ntchito, ndipo m'mawa umene kampani yonyamula maphukusi inati abwere ndi njinga yamoto yolira bwino kuti iwalembe ntchito, njingayo inangoti zii pakhonde. Mayi a mapasa anaima pambali ndi thireyi m'manja, pakamwa atatseka, poti pakhomopo panali lamulo lakale: bambo akamakonza njinga, mayi aziyankha zokhazo zimene afunsidwa.

"Petulo alimo?" anafunsa bambo, akugwedeza thanki.

"Alimo. Ndikumumva ndili pano."

Bambo anapotokola kiyi. Nyali osayaka. Anadina hutala, hutala duu. Anadina sitata mpaka chala kuyera.

"Batire latha."

Anatenga kawaya n'kugunditsa pabatirepo. Moto unathetheka, iwo n'kudumpha.

"Silinathe."

"Eya."

"Eya chiyani?"

"Eya silinathe."

Bambo anapukuta manja pathalauza loti akaonekere nalo kwa abwana.

"Mapasa anaiseweretsa njingayi?"

"Ayi."

"Nanga mchimwene wanu uja wa manja oyabwa?"

"Sanabwere."

"Mlendo aliyense?"

"Palibe mlendo anaikhudza."

"Ndiye kuti palibe anaikhudza."

Mayi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Limenelo ndi funso?"

"Ayi, ndikudziyankhulira."

"Chabwino."

"Ikani thireyi pansi. Kankhani."

Mayi anakankha. Njinga inatsetsereka mpaka pageti, bambo ali pamwamba, nkhope ili gwaa. Anasiya kilatchi. Tayala linangokhula pansi, injini osatsokomola n'komwe.

"Ndikankhenso?"

"Ayi."

"Nanga pobwerera kumtundaku akankha ndani?"

Anakankha onse awiri, osayang'anana. Atafika pakhonde mayi anapuma kaye, kenaka anayesa mwayi.

"Bambo a mapasa, pali kanthu kena."

"Ndinati chiyani ine?"

"Munati njinga si mphika, ndisamathiremo nzeru zanga."

"Basitu."

Bambo anagwada, n'kuyang'ana kabokosi kakuda kamene kali pafupi ndi batire. "Kapena fyuzi?"

Mayi anatukula mutu, maso ali mwee.

"Aaa, ayi," anadziyankha okha bambo, osakatsegula n'komwe kabokosiko. "Fyuzi ndinaika yatsopano mwezi watha, ndi manja awa. Ingapse bwanji?"

"Siinapse."

"Mwaonatu! Ngakhale inu mukudziwa."

"Ndikudziwa ndithu."

Munthu wamakani akasowa mtengo wogwira amayamba kumasula mabawuti, ndipo bambo a mapasa anamasula ndi mtima wonse. Unachoka mpando. Inachoka thanki. Pulagi anaitulutsa, anaiuzira, anainunkhiza. Kenaka anatsegula nyali yakutsogolo, mawaya n'kutuluka ngati matumbo a nkhuku.

"Landirani. Zisasokonezeke."

"Sizisokonezeka," anatero mayi, akundandalika chilichonse pathireyi.

"Vuto lili pakiyi. Pali waya wina waduka."

"Waduka uti?"

"Ndikadadziwa ndikadamasula onsewa?"

"Limenelo ndi funso?"

"Iyayi!"

Dzuwa linakwera. Anthu a m'nyumba zoyandikana anapita kuntchito zawo, ena akupereka moni umene bambo sanayankhe. Pomwe panali njinga panatsala mafupa, ndipo bambo anakhala pansi, sipanala ili lende m'manja. Ukali unali utatha, kwatsala mantha enieni, a munthu amene watopa kuuza ana ake kuti mawa.

"Ntchito ija yapita, mayi," anatero ndi mawu otsika. "Atenga wina. Nenani zimene mumafuna kunena zija."

"Ndi funso?"

"Ndi funso, mayi, ndi funso!"

"Funso lake ndi loti chiyani?"

"Njingayi yatani?"

Mayi anaika thireyi pampando, napisa dzanja m'thumba la diresi. Anatulutsa kanthu kakang'ono kokulungidwa bwinobwino mumpango.

"Ilibe fyuzi."

Bambo anakazindikira kanthuko: inali fyuzi ija.

"Ikutani m'thumba mwanu?"

"Dzulo, titamva kuti aneba awabera njinga, munati chiyani?"

"Ndinati musamale."

"Munati, 'Muonetsetse kuti ngakhale wakuba wochenjera bwanji asailize.'"

"Ndimanena kuti mukhome geti!"

"Geti ndinakhoma. Koma la aneba linalinso lokhoma. Ndiye ndinakumbukira tsiku lija munkaika fyuziyi. Munati popanda kanthu aka, njinga ndi mpando chabe."

"Mayi inu! Ndiye m'mawa wonsewu mwangoima pamenepo, ili m'thumba?"

"Ndinayesa kunena. Koma musadandaule, nzeru yanu ija yagwira ntchito. Ngakhale mwini wake walephera kuiliza."

Bambo anatsegula kabokosi kaja. Munali mbee. Anaikamo fyuzi, anatseka, kenaka anatembenuka n'kuona zimene manja awo anachita.

"Ndinadziwa ine kuti ndi fyuzi," anatero.

"Munaitchuladi."

Bambo anatola waya wofiira. Anamuyesa kuno, anamuyesa uko. Anatola wina wofiiranso.

"Uyu anali pati?"

"Pansi pa nyali. Munamuchotsa pambuyo pa wobiriwira, musanatukwane kachiwiri."

"Nanga bawuti lalitalili?"

"La thanki, kumanzere. Lalifupi ndi la mpando."

Bambo anayang'ana thireyi ija. Zonse zinali pamzere, choyamba kuchoka chili kumanzere, chomaliza kumanja, ngati mbale zotsukidwa.

"Mukukumbukira zonsezi?"

"Munati zisasokonezeke."

"Tingathe kubwezeretsa asanatenge wina?"

"Tikayamba panopa, mukawapeza."

Bambo anadzuka, mphamvu zitabwerera, chifuwa n'kuyambanso kutukuka. "Ndiye tiyambe ndi thanki, chifukwa ine mmene ndikuonera, njinga zamtundu uwu zimafuna kuti munthu..."

Mayi anawalanda sipanala mwaulemu, ndi manja awiri, n'kuwapatsa thireyi.

"Gwirani apa, bambo a mapasa, zisasokonezeke. Ndipo ndikamagwira ntchito, muziyankha zokhazo zimene ndafunsa."