Funso limodzi la alongo anga

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, mwina mtima wanga ungatsike. Ndine bambo wa ku Area 11.

Akazi anga atasiya msambo anayamba kunenepa, tsitsi n'kumatsalira m'chipeso. Anamwino anawachenjeza za BP, n'kuwauza kuti achepetse mafuta ndi shuga, azidya nyemba, usipa ndi masamba. Ine wokonda kanyenya ndinalowa nawo m'gulu, bonongwe ndinkakagula ndekha kumsika. Patapita miyezi isanu, thupi lawo linapepuka.

Kenako kunabwera alongo anga aakulu, atanyamula mandasi. Asanakhale n'komwe pansi anati, “Alamu, kuonda chonchi, tsitsi latha, mwakayezetsa koma? Kapena bambowa akukumanani nyama?”

Ndinawatulutsa, chikwama chawo n'kuwaponyera panja. Koma mawu anali atalowa kale. Mawa lake ndinapeza akazi anga akukazinga tchipisi, misozi ili mbwee. Anati, “Bola ndinenepe, bambo, kusiyana n'kumalozedwa zala kutchalitchi.” Pano BP yakweranso.

Amalawi anzanga, kunenepa si umboni wa thanzi. Ndipo inu alongo, ndikudziwa pulogalamu ino simuiphonya. Mubwere mudzapepese, koma mandasi anu aja muwasiye kwanu.