Simbi Isadutse pa Mizere ya a Zokhota

Abwana akulu, akuluakulu a nthambi zonse, mayi a kunyumba kwa mnzathuyu, ana ndi zidzukulu, anzanga nonse, landirani moni.

Mwadabwa kundiona pano. Nanenso ndadabwa. Pakampani yonse asankha munthu amene amati "mwadzuka" m'mawa, n'kudzayankhulanso poweruka. Mwina akufuna mwambo wotsanzikana ndi mnzathu wopuma pantchitoyu uthe msanga.

Ana inu, bambo anuwa kuno timawatcha a Rula. Lero mudziwe chifukwa chake.

Makina athu aakulu aja amamva chilankhulo chakale, COBOL. N'chokhwima kuposa apongozi. Mawu aliwonse ali ndi malo ake, ndipo mzere ukapyola malire, makinawo zotsalazo sawerenga, komanso sakuuza. Bambo anuwa atangoyamba ntchito, tsitsi lilipo, analemba mzere wautali ngati ulaliki, kadontho kakumapeto n'kugwera kunja. Tsiku limenelo makalata onse a makasitomala anatuluka ndi dzina la munthu mmodzi. Wonyamula makatoni ndinali ine, poti ntchito yanga ndi ya m'chipinda cha makina, kuika mapepala ndi kusintha matepi. Msanawu ukukumbukabe.

M'mawa mwake anabwera ndi rula m'thumba la shati. Sinachokemonso. Aliyense wolemba pulogalamu ankayezedwa. Ukawapatsa pepala, asanawerenge ankayamba alipendeka, n'kutsinzina diso limodzi ngati kalipentala. Mayi, sindidziwa kunyumba mumayala bwanji nsalu ya patebulo, koma tinkakupemphererani.

Onse anagonja kupatula munthu mmodzi, malemu akazi anga, amene ankakhala pa desiki yoyang'anizana nawo. Iwowo mizere yawo inkalowa ndi kutuluka ngati masitepe omangidwa ndi mmisiri wokwiya. A Rula anawapatsa dzina loti a Zokhota.

"Mayi, mzere uwu waledzera?"

"Ukugwira ntchito?"

"Ukugwira."

"Ndiye usiyeni, achimwene, kwawo ukafika."

Mkanganowo unatha zaka. Ine ndinkaumva kawiri, masana kuno, madzulo kunyumba.

Chaka chatha, a Zokhota atatisiya kale, kampani inabweretsa pulogalamu yowongola mizere yokha. Achinyamata anaitcha Simbi, poti imasita. Taonani nzeru za akuluakulu: anaipereka m'manja mwa a Rula. Munthu wamenya nkhondo moyo wake wonse, mdani wake ali mzere wokhota, ndiye mukumupatsa chinthu chomaliza nkhondoyo tiyi asanazizire. Tinkati avina. Koma anangoyang'ana kompyuta ngati yawalanda mkazi. Pepani mayi.

Anasita ndithu. Mapulogalamu pafupifupi onse anawongoka, n'kufanana ngati ana a sukulu pamzere. Lero sungadziwe kuti iyi analemba ndani. Akuti ubwino wake ndi womwewo.

Ine sekondale sindinamalize, COBOL sindiwerenga. Koma mapepala ndanyamula ambiri, moti maonekedwe ndimawadziwa. Dzanja la akazi anga ndinkalizindikira ndili pakhomo. Pali pulogalamu ina imene analemba, yogawa katundu m'malole, imene imayenda m'mawa uliwonse mpaka pano. Za Simbi ndinazimva. Ndikanati chiyani? Kuti kampani isiye chitukuko chifukwa cha masitepe?

Tsiku lina a Rula anandikodola. "Bwera udzaone vuto." Ananditsegulira pulogalamu ija. Inali momwemo, yokhotakhota, ngati aisiya dzulo.

Ndinati, "Simbi yaikanika?"

Anati, "Ndaiuza kuti izilambalala. Mayi aja sindinawagonjetse ali moyo. Ndiwagonjetse lero, ndi makina, iwo asakuyankha?"

Anatulutsa rula, n'kuiika pagalasi la kompyuta, n'kupukusa mutu. "Koma taona, ndi zinthu izi?" Kenako aliyense anapita ku ntchito yake.

A Rula, zikomo. Mwaphunzitsa anthu ambiri muno, ena lero ndi mabwana anu. Munkatikalipira, koma simunasiyepo mnzanu yekha makina akavuta. Pamaliro a akazi anga paja munafika woyamba, ndipo mipando munaiika pamzere. Ndinaona.

Tsopano Lolemba Simbi ipita m'manja ena, ndipo ndamva kuti zotsala zonse ziwongoledwa. Abwana, pazaka zonsezi sindinakupemphenipo kanthu, ngakhale mpando wabwino. Ndikupempha pano, pamaso pa anthu, poti m'ofesi mukanati tidzaona. Pulogalamu imodzi yokhayo, isiyeni. Ikugwira ntchito.

Mwavomera ndi mutu. Anzanga, mwaona nonse. A Rula, mboni ndinu, yezani ngati mutuwo unatsika mokwanira.

Pitani mukapume, achimwene. Mukagone mpaka dzuwa likwere. Zidzukulu zikajambula nyumba yopendekeka, muziti yakongola. Rula ija musiye pa desiki ya a Zokhota, kuti mkangano usathe.

Tiyeni tiimirire, tiwaombere m'manja. Ombani mmene mungathere, ngakhale mosalingana. Lero sakuyezani.