Dzina Limene Silinatuluke M'chipewa

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1957 konkuno ku Biriwiri, dzina lawo Christobel Nandau. Ine ndine Raymond, mlongo wawo wamng'ono, amene makutu anga anakula ndi kukokedwa chifukwa cha masamu.

Anamaliza maphunziro ku Zomba mu 1981. Mu 1983 anamanga banja ndi bambo Kenneth Chimpeni, ndipo anaphunzitsa masamu mpaka 2007.

Atapuma ntchito, anapeza kalabu yathu ya dimba ikutha. Matenda athu anali kutengera. Mnzathu akapindula ndi tomato, basi tonse tomato! Tikafika pa msika wa Lizulu, tomato mbwee, wogula palibe. Chaka chinacho tonse kabichi. Tinayamba kulozana zala, ena n'kumatuluka.

Malemu anabwera ndi bolodi la drafti, nyemba ndi chimanga. Njere iliyonse inali mlimi wotengera mnansi amene wapindula. Akasintha njere zonse nthawi imodzi, bolodi linkangotembenuka, lero nyemba zokhazokha, mawa chimanga. Akamasintha imodziimodzi, linkakhazikika. Anatiuza kuti akatswiri a masamu amayesa motero khalidwe la anthu, ngakhale la tizilombo, ndi kuti cholakwa chathu chinali kutengera tonse tsiku limodzi.

Kuyambira 2008, mayina athu ankalowa m'chipewa cha bambo Kenneth. Mwezi uliwonse pankatuluka dzina limodzi, ndipo mwini wake yekha ndiye ankaloledwa kusintha mbewu. Kalabu inadzuka. Koma dzina la malemu, ayi ndithu, silinatulukepo! Zaka zonsezi iwo anyezi basi, ife n'kumawaseka kuti masamu awo akuwakana.

Anayamba kudwala mtima mu Januwale chaka chino cha 2024, ndipo anatisiya pa 3 Juni. Ambiri tinaopa kuti kalabu ipita nawo. Dzulo bambo Kenneth, pokutumula chipewa chija, anapeza kapepala kosokeredwa m'kati mwa nsalu. Linali dzina la malemu. Analibisa okha kuti mwayi uzigwera ife. Tinalira, kenako tinaseka. Tagwirizana kuti Loweruka chipewa chizungulira monga mwa nthawi zonse, koma mwayi wa mwezi uno, umene wagwera malemu, taupereka kwa alamu anga, bambo Kenneth. Iwo akuti abzala anyezi.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Esnath, Allan ndi Janeti, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza achipatala, amayi a mvano, adzukulu okumba manda, ndi inu nonse. Achemwali, gonani mu mtendere, dzina lanu talitulutsa.